Lachinayi la a Sabatayamawa

Ababa anamwalira Lachitatu, tinawaika Lachinayi, ndipo anthu a m'mudzi mwathu, amene sasowa chonena ngakhale pamaliro, ankanong'onezana kuti lero nkhalamba ija yajomba. Sankanama. Kwa zaka zambirimbiri, kaya kugwe mvula, kaya fodya wavuta m'chigafa, panalibe Lachinayi limene ababa analephera kukhala pakhonde ndi wailesi yawo ya kaseti, kumvera sewero limene eniake analisiya kalekale lisanathe. Mwezi uno ana anga aumba njerwa zoti timangire chiliza chawo, mochedwa ndithu, ndipo mmisiri atandifunsa za kamalo kopanda manda kamene kali pambali pawo, ndinasowa poyambira. Ndiye ndati ndilembe, mwina potero ndimuyankha.

Dzina lawo linali a Gidiyoni Mbewe, koma ukafika pa Malomo n'kufunsa dzina limenelo anthu ankangoyang'anana. Unkayenera kunena kuti a Sabatayamawa. Dzinali linachokera kwa muulutsi wa pawailesi amene ankatseka gawo lililonse la sewero lija ndi mawu oti tidzapitiriza sabata yamawa. Anayamba ndi ana, akufuula ali kuseri kwa nkhokwe, kenako akuluakulu analitola, mapeto ake linkawapulumuka pakamwa ngakhale abusa. Eniake sankakwiya. Ankati dzina lonyoza lili ngati chipewa chopatsidwa, ukachivala nthawi yaitali chimayamba kukukhala.

Sanali a kuno. Kwawo kunali ku Chisepo, m'boma la Dowa, ndipo kuno kumapiri a Ntchisi anabwera chikamwini atakwatira amayi, a Nachisale. Anakhala pamudzi pano mpaka imvi, mango onse amene ana akugenda lerowa anabzala ndi iwo, koma sankaiwala kutikumbutsa kuti iwo ndi mlendo, ndipo mlendo sakweza mawu. Nkhani ikavuta pabanja ankati tikafunse atsibweni a Yesaya, mlongo wa amayi, amene anali mwini mbumba. Ndinawaona akugonja pa nkhani ya malire a munda, pa nkhani ya mbuzi zolowa m'dimba, ngakhale pa nkhani ya ukwati wanga womwe. Mawu awo anali amodzi okha, oti ndamva alamu. Pa moyo wawo wonse anakana kugonja kamodzi kokha, ndipo kamodziko kanatiwawa tonse.

Ali ndi mphamvu anapitako ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa, komanso wailesi yakuda ija, yolemera moti ponyamula ankachita kuikumbatira. Amayi ankakonda kunena kuti amuna a anzawo anabwera ndi malata, awo anabwera ndi phokoso.

Amene anachititsa zonsezi ndi mlongo wanga Lameki, woyamba kubadwa. Anali kalaliki m'tauni, koma kuyambira ali mwana anali ndi pakamwa potengera mawu a anthu. Ankatha kulankhula ngati abusa, ngati mayi wogulitsa zitumbuwa, ngati atsibweni akamakalipa, mpaka kakhosomolo kawo komwe. Atabwera pa Khirisimasi ina n'kunena kuti amutenga azichita nawo sewero pawailesi, ababa sanasangalale. Anati iwo sanapume fumbi la mgodi kuti mwana wawo azikanamizira kulira pagulu. Koma Lachinayi loyamba litafika anapukuta wailesi, anagula mabatire atsopano, n'kutulutsa makaseti awo a nyimbo za ku Joni amene ankawasunga ngati mazira. Anayamba kujambulapo mawu a mwana wawo, ndipo nyimbo zonse zija zinafufutika, kaseti ndi kaseti.

Sewerolo linali la chigayo. Mwini chigayocho, a Bwanali, anali nkhalamba yosaona bwino, yogontha khutu limodzi, koma makiyi inkagona nawo m'chiuno, osalola mwana aliyense kuwakhudza. Wonena zoona inkamuthamangitsa, woiyamika inkamupatsa madeya. Lameki ankasewera ngati Jolamu, mwana wa a Bwanali, amene anapirikitsidwa pakhomo chifukwa chonena kuti lamba wa chigayo watha ndipo tsiku lina adzapweteka munthu. Ife tinkangoseka. Nkhalamba zotero zinalipo m'mudzi uliwonse, ndipo amayi ankati wolemba sewerolo ayenera kuti anawaonapo atsibweni. Lachinayi madzulo bwalo lathu linkadzaza, ena atakhala pamitondo, ena pangolo, ndipo Lameki akangoyamba kulankhula ababa ankakweza dzanja kuti aliyense atseke pakamwa, ngakhale khanda.

Gawo lomaliza kumveka linali lotere. Jolamu, atavutika m'maesiteti a fodya, wamva kuti bambo ake akudwala ndipo waganiza zobwerera kwawo. Mukumva mapazi, galu akuuwa, chigayo chikulira chapatali. Kenako akuima pakhomo n'kuitana, ndi mawu otopa aja a munthu woyenda mtunda wautali, kuti, "Odi! Odi kuno!" Pomwepo nyimbo ikulowa, muulutsi n'kuti tidzapitiriza sabata yamawa.

Sabata yamawayo kunamveka makwaya. Sabata inayo, malangizo a ulimi wa thonje. Palibe ananenapo kanthu, ngati kuti sewerolo silinakhalepo n'komwe. Kenako kunabwera mnzake wa Lameki wogona naye nyumba imodzi, atanyamula sutikesi yake. Anaiika pakhonde, anakana ngakhale madzi akumwa. Anangoti kuntchito kunabwera anthu awiri pagalimoto n'kumupempha Lameki kuti akacheze nawo pang'ono, ndipo wolemba sewerolo nayenso anatengedwa. Wina wake kumtunda anali ataona kuti nkhalamba ya makiyi ija ikufanana ndi munthu amene sitinkamutchula. Ana a lero sangamvetse. Masiku amenewo, a chipani chimodzi, munthu akatengedwa sunkafunsa kuti ali kuti, chifukwa funsolo linkatha kukutengetsa nawenso. Bwalo lathu linauma. Anthu omwe ankalimbirana mitondo aja anayamba kulambalala nyumba yathu popita kuchitsime.

Apa ndi pamene linayambira Lachinayi la ababa. Dzuwa likapendeka ankaweruka kumunda, kusamba, kuvala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala pampando wa ndalema kumanzere kwa chitseko. Makaseti ankakhala m'chitini cha mabisiketi. Anali ndi malamulo awo amene sankawaphwanya. Gawo linali limodzi pa sabata, monga ankachitira a wailesi, ndipo sankadumphira kutsogolo kapena kubwereza limene lawakomera. Akafika pa gawo lomaliza lija, Lachinayi lotsatira sankaika kaseti. Ankatsegula wailesi yeniyeni n'kumvera nthawi yonse imene sewerolo linkamveka kale, kaya ndi makwaya, kaya ndi mauthenga a maliro. Nthawiyo ikatha ankazima, n'kunena kuti anthuwa sanakonzekebe. Sabata inayo ankayambanso gawo loyamba.

Ndipo sankamvera chete ayi. Ankakangana nawo anthu a m'kasetiwo ngati ali pakhonde pomwepo. A Bwanali ankawafunsa ngati makiyiwo adzapita nawo kumanda. Jolamu ankamuchenjeza kuti asayankhe, popeza mtima wa bambo ake akuudziwa kale, ndipo Jolamu akayankha, monga ankayankhira ulendo uliwonse, ababa ankapukusa mutu n'kuti mwanayu samva. Panali malo ena pamene wantchito wa pachigayo amagwera m'thumba la ufa. Ankaseka pamenepo chaka ndi chaka mpaka chifuwa chiwagwire, ife tili duu.

Ndinene mosabisa, ine sewero limenelo linafika pondikola. Nyumba yanga inali kuseri kwa yawo, ndipo ndinkadziwa mawu alionse asanatuluke. Ana anga anaphunzira kulankhula akutengera a Bwanali. Nthawi zina ndikamva kanyimbo koyambira kaja ndinkasenza ndowa n'kupita kumadzi ngakhale mitsuko ili yodzaza, chifukwa mawu a Lameki ankandipweteka, ndipo ndinali nditatopa ndi kupwetekedwa pa tsiku lodziwika ngati msika.

Amayi nkhondo yawo inali ya mabatire. M'nyumba mukasowa sopo kapena palafini, iwo ankadziwa kumene zapita. Ababa ankayesetsa ndithu. Mabatire ofooka ankawayanika pamwala kuti atole mphamvu padzuwa, ndipo pobweza tepi sankagwiritsa wailesi, ankalowetsa bolopeni pakabowo n'kumapukusa ndi dzanja mpaka mkono kuwawa. Tepi ikaduka ankailumikiza ndi utomoni wa kachere, lilime lili kunja, munthu yemwe sankatha kulowetsa ulusi pasingano. Koma fodya akagulitsidwa, choyamba kugula pa Malomo chinali chomwecho, ndipo amayi ankati anakwatiwa pamitala ndi chitini cha mabisiketi.

Atsibweni mantha awo anali ena. Miyezi yoyambirira ija anabwera m'mawa wina, osakhala n'komwe pansi.

"Alamu, zinthu izi zitiphetsa tonse. Eniake analetsa, inu mukuliza pakhonde? Katayeni m'chimbudzi lero lomwe."

"Ndamva, alamu."

Anamva ndithu, koma chitinicho anakachiika mumphika n'kuukwirira m'chigafa cha fodya, ndipo Lachinayi ankachifukula n'kumvera motsitsa, khutu lili pawailesi. Patapita zaka anthu anazolowera. Wapampando wa chipani m'dera lathu, amene kale ankakhala kutsogolo penipeni pomvera, anasankha kukhulupirira kuti nkhalambayo yazungulira mutu, ndipo wamisala saimbidwa mlandu. Dzina lonyoza lija ndi limene linawateteza.

Chinthu chimodzi chimene sankachilola ndi kuwauza mmene sewerolo likanathera. Tsiku lina nditatopa ndinawauza kuti, "Ababa, izi n'zodziwikiratu. A Bwanali atsegula chitseko, akhululukirana, Jolamu apatsidwa makiyi, basi. Mukudikiranso chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Unaliko, Nambewe?"

"Ayi, koma nthano zonse zimatha choncho."

"Nanga akatsegula mkazi wamng'ono wa a Bwanali? Nanga akapeza nkhalambayo yatsirizika? Nkhani ya eni sumaimaliza ndiwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha kwawoko kunali ndi womulipira, ndipo anali amayi. Patatha zaka zingapo Lameki atatengedwa, munthu wina amene anatulutsidwa m'ndende anawanong'oneza atsibweni pamsika kuti anamva zoti Lameki anamwalira mkatimo ndi matenda a m'mimba. Iye sanaone, anangomva. Chaka chomwecho woyendetsa lole wina analumbira kuti anaona munthu wofanana naye ku Zambia. Ababa anatola mawu a woyendetsa lole, amayi anatola a wandende. Pa nthawiyo amayi anali ataonda, tulo sankagona, ndipo ndinkawapeza ataima m'munda khasu lili m'manja, akungoyang'ana kunjira. Mapeto ake anapita okha kwa mlongo wawo n'kumuuza kuti atopa kulira mobisa ngati wakuba, akufuna amulire mwana wawo poyera, amete, mtima ukhale pansi.

Kwathu kuno munthu akasowa mpaka anthu kutaya mtima, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mtembo. Maliro amalira monga mwa nthawi zonse, abale amameta, ndipo kuyambira pamenepo munthuyo amawerengedwa kwa akufa. Atsibweni anaitanitsa akuluakulu a mbumba pansi pa mango, ababa anawapatsa kampando kumapeto.

"Mtembo mwauona, alamu?" anafunsa ababa.

"Mtembo wa munthu wotengedwa anauonapo ndani?"

"Ndiye mukuika yani?"

"Tikuika kuti mlongo wanga agone tulo. Muyang'aneni mmene wathera. Mwanayu ndi wa mbumba ino, a Mbewe. Inu munangobereka."

Mawu amenewo ndi a mwambo, ndipo panalibe amene akanawatsutsa, koma ine anandilasa. Ababa anangonena mawu awo aja oti ndamva alamu. Tonse tinaganiza kuti nkhani yatha.

Tsiku anasankha atsibweni, ndipo kaya anaiwala kaya anachita dala, linali Lachinayi. Poopa mavuto, uthenga unapita woti mnyamatayo anadwala n'kumwalira kutali. Aliyense ankadziwa zoona zake, koma anabwera, ngakhale aja ankalambalala nyumba yathu. Ndikuganiza kuti nawonso anali ndi zawo zolira. Nthochi anadula kuseri kwa nyumba, yobzala ababa omwe, n'kuiveka malaya a Lameki a m'sutikesi muja. Anaigoneka pamphasa m'nyumba ya amayi, azimayi tinakhala mozungulira, ndipo amayi analira mmene sindinawamvepo chibadwire. Anamutchula maina ake onse a paubwana. Ndinalira nawo, koma mumtima ndinkamva kupepuka, ndinkati mwina lero tipuma.

Nthaka ya kumapiri kuno ndi yamiyala, choncho adzukulu, anthu okumba manda aja, anachedwa kumaliza. Pamene ankabwera kudzanyamula, dzuwa linali litapendeka. Za panja ndinauzidwa pambuyo pake ndi amuna anga, poti ine ndinali mkati. Akuti ababa, amene tsiku lonse anakhala pakati pa azibambo osalankhula, anadzuka n'kulowa m'chigafa. Anatulukamo atavala jekete, atakumbatira wailesi, n'kukakhala pamalo pawo kumanzere kwa chitseko cha nyumba ya maliro. Anthu anachita manyazi, ena anafuna kuwagwira, koma atsibweni anati asiyeni, kulira kwawo n'komweko. Anaika kaseti n'kumamvera motsitsa pamene akuluakulu ankalankhula za mwambo.

Ena mpaka lero amati gawolo anachita kusankha. Ine ndikudziwa kuti ayi, chifukwa sabata yapitayo ndinamva ndekha gawo la ku esiteti. Linali tsiku lake la gawo lomaliza, ndipo ababa sankadumpha.

Mkatimo anatiuza kuti titonthole, adzukulu alowe. Kulira kunatsika, kunangotsala kusisima. Nthawi yomweyo ababa anakweza wailesi mpaka pamapeto, koyamba chitengedwere mwana wawo. Ife sitinkaona panja. Tinangomva mapazi pafupi ndi chitseko, galu akuuwa, kenako mawu amene aliyense m'nyumbamo ankawadziwa.

"Odi! Odi kuno!"

Kwathu odi sadikira kuganiza, pakamwa pamayankha pokha. Nyumba yonse, azimayi a misozi kumaso, tinayankha pamodzi kuti, "Odini!" Inenso ndinayankha, ine amene ndinkadziwa kasetiyo pamtima. Amayi anadzambatuka, chitenje chikugwa, akufuula kuti, "Lowa, Lameki! Lowa mwananga!" Anapondaponda miyendo ya anthu mpaka pakhomo. Kumeneko anapeza amuna awo ali mujekete, wailesi ili pamiyendo, muulutsi akunena kuti tidzapitiriza sabata yamawa.

Amene anayamba kulankhula anali mkulu wa adzukulu, bambo wina wanthabwala amene tsiku limenelo sanaseke. Anatula chingwe chake pansi.

"A Chisale," anatero kwa atsibweni, "mayi wake wamuuza kuti alowe, tonse tamva. Ndiye ife timutulutse bwanji? Ameneyu sitinyamula."

Adzukulu akakana, palibe amene angawakakamize, kaya ndi mwini mbumba. Atsibweni anayesa kunena kuti ndi kaseti chabe, koma azimayi achikulire anali atayamba kale kutola zitenje zawo. Dzenje lokumba siligona lotsegula, choncho adzukulu anabwerera kumanda kukalikwirira lopanda kanthu, n'kusalaza pamwamba, osaunda mtumbira. Anthu anabalalika osatsanzika. Ababa analowa m'nyumba, anavula nthochi ija malaya, anawapinda bwinobwino n'kuwabwezera m'sutikesi.

Amayi anali ataima pomwe paja. Sanakuwe. Anangoti, "A Mbewe, mwandilanda maliro a mwana wanga."

"Akadali pakhomo, a Nachisale," anayankha ababa. "Sitingamuike ali pakhomo."

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi mpaka ine ndemwe ndamera imvi, ndipo sindinathe kugamula. Ababa ankamukonda Lameki, zimenezo palibe angakane. Koma ine ndinaona nkhope ya amayi pamene ankathamangira kuchitseko. Anali atabwerera utsikana, anali ndi chimwemwe chimene ndinali nditaiwala kuti ali nacho, ndipo chinazima ndikuona. Chimenecho sindinawakhululukire ababa, ngakhale ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza ndipo ndimawasowa.

Amayi sanawalankhule dzinja lonse. Chakudya ankaphika, koma ankatuma ine kukapereka. Kenako, popanda wonena kanthu, anayamba kumakhala kumapeto kwa khonde Lachinayi, atafulatira, akutongola chimanga. Sankaseka, sankayankhira, koma manja ankaima Lameki akamalankhula. Likafika tsiku la gawo lomaliza ankapita kudimba mpaka mdima. Anamwalira iwo poyamba, tsitsi la mwana wawo asanamete, ndipo ababa anapempha kuti awaike kumbali ina ya dzenje lokwiriridwa lija. Mlendo uja ulendo uno palibe anamutsutsa.

Atsibweni nkhani ya nthochi sanaiyambenso. Kwa zaka ankangopatsana moni wa pamsewu. Koma atakalamba, maso atachita khungu, tsiku lina anabwera akuyedzamira ndodo, n'kuika pakhonde mabatire okulunga m'pepala.

"Akuti muli pena pamene mwanayo amanditengera mawu," anatero. "Ndati ndimve nawo ndisanafe."

Munalidi malo amene Jolamu amatengera bambo ake kukalipa, ndipo aliyense ankadziwa kuti kakhosomoloko ndi ka ndani. Ababa anawauza kuti gawo limenelo likadali kutsogolo, abwere pakatha masabata angapo. Sanadumphe, ngakhale chifukwa cha mwini mbumba wonyamula mabatire. Atsibweni anatukwana pang'ono, koma ankabwera Lachinayi lililonse mpaka gawolo linafika. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke kuseka kutatha.

Chimene ababa sanathe kulimbana nacho ndi tepi yeniyeniyo. Ulendo uliwonse ikazungulira inkadyeka pang'ono. Mawu anayamba kumveka ngati munthu akulankhulira mumtsuko, kenako a Bwanali anasowa, galu anasowa. Ndinawauza kuti azimvera mwa apo ndi apo kuti mawu a Lameki asathe msanga. Anandiyankha kuti mawu osamvedwa ndi otha kale. M'zaka zomaliza m'makasetimo munkangomveka phokoso ngati mvula yowaza paudzu, koma iwo ankaikabe, n'kumanena okha mawu a anthu onse, a Bwanali, mkazi wamng'ono, wantchito wogwera mu ufa, akupumira pakati chifukwa cha chifuwa. Odi yekha uja sankamunena. Akafika pamenepo ankakhala chete, khutu lili kuwailesi. Ndipo pa zaka zonsezo sindinawamvepo akumuyankha. Nditawafunsa anati adzayankha akadzabwera mwini wake.

Anamwalira mphepo ya zipani zambiri isanafike kuno. Lachitatu limenelo m'mawa ndinawapeza atakhala tsonga pamphasa, maso ali mbee, ndipo ndinadziwa kuti ndi kuwala kwa nyali yotha mafuta. Anandiuza kuti tiwaike pafupi ndi dzenje lija, kumbali yotsalayo.

"Nanga pakatipo titani napo, ababa?"

"Ndatopa, Nambewe," anatero. "Usaganize kuti sindinatope. Kumene ndikupitaku ndikaona ndekha. Ndikakamupeza, ndiye kuti amako ankanena zoona, ndikawapepesa. Ndikapanda kumupeza, ndiye kuti ali m'njira."

"Nanga ife tidzadziwa bwanji?"

Anaseka, chifuwa chinawagwira, ndinawapatsa madzi. Atapuma anandigwira dzanja n'kuti, "Sabata yamawa." Masana asanakwane anali atapita, nawonso atatisiya nkhani ili pakati.

Zinthu zitasintha, ndende zinatseguka ndipo ena amene tinawataya anabwerera kwawo, owonda, opanda mano, koma amoyo. Ndinapitako pa Malomo kangapo kukaima pamene mabasi amatsitsira anthu. Lameki sanatsike. Sanabwerenso aliyense wonena kuti ndinamuona akufa, kapena ndinamuika ndi manja angawa.

Nyumba ya makolo anga ilipobe, ngakhale denga linagwa mbali imodzi. Kumanzere kwa chitseko, pakhoma, pali banga lakuda pamene ankatsamira mutu, ndipo pansi pali timaenje timene miyendo ya mpando inakumba. Nkhuku zimakonda kusamba fumbi pamenepo. Wailesi ili kwanga, inafa kalekale, ndipo chitini cha mabisiketi sindinachitsegule chiwaikireni. Lachinayi dzuwa likapendeka mudzi umakhala phee, moti nthawi zina ndimapezeka ndasenza ndowa popanda chondithamangitsa. Wina akaodira pakhomo nthawi imeneyo, ndimayamba ndamvetsera mawuwo ndisanayankhe.

Kumanda, amayi ali uku, ababa ali uku. Pakati pawo pali nthaka yosalala, yopanda mtumbira, yopanda mtanda, yokwana munthu mmodzi wamtali, poti Lameki anali wamtali. Imalowa pansi pang'ono mvula ikagwa, ndipo udzu wake umabiriwira msanga kuposa pena ponse. Mmisiri akuti njerwa zatsala, akhoza kumangapo kachiliza kakang'ono tilembepo dzina, pasakhale pongokhala. Ndi mwana wabwino, akufuna kundithandiza. Mawa ndikamuuza kuti amange ziwiri zokha, cha amayi ndi cha ababa, ndipo mchenga wake asathire pakatipo. Udzuwo ndizilambula ndekha.